Bondo la Azakhali Linalibe Mlandu

Tsiku lililonse, chitsulo choitanira anthu ku ntchito chisanalire, azakhali anga a Jesinta ankakhala pa chidebe chozondotsa pakhomo n'kumanga bondo lawo lamanzere. Ankayamba kulipaka mafuta obiriwira onunkha ngati bulugamu, kenako n'kulikulunga katatu ndi mpango wakale wa malemu amuna awo, mfundo n'kuiika kumbuyo kuti isatukule chitenje. Akatero ankadzuka atagwira chitseko, n'kuima pang'ono maso ali kudenga. "Tiyeni, akulu," ankatero pouza bondolo. Ine ndinkaona zonsezi ndikutsuka makapu.

Ndinabwera kwa iwo ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo anga atamwalira. Ndi mlongo wawo wa bambo, ndiye anzanga olankhula Chishona amati ndi tete wanga. Timakhala pakomboni ya pulazi ina ya fodya, ulendo wa ola limodzi wapansi kuchokera ku katauni ka Concession, kumpoto kwa Harare. Nyumba yathu ndi ya njerwa, zipinda ziwiri, yachitatu kuchokera pampopi. Azakhali anabadwira pa pulazi yomweyi. Bambo awo anachoka ku Dedza ali mnyamata, ndipo agona m'manda a kuseri kwa damu pamodzi ndi amayi a azakhali, amuna a azakhali a Lazalo ndi bambo anga. Ku Dedzako azakhali sanapondeko, amangodziwa dzina la phiri. Pulazi yasintha eni ake kawiri iwo ali pomwepa. Anzathu ena ntchito ikatha amakwera basi kupita kumusha, kumene kuli munda ndi abale. Ife kotero tilibe. Ndipo pano nyumba imayendera ntchito. Dzina lako likachoka pa mndandanda wa antchito, amakupatsa miyezi yochepa kuti utulutse katundu.

Mwendo unayamba kuwavuta zaka zinayi zapitazo. Anayesa nsalu yoviika m'madzi otentha, anayesa mafuta aja, ndipo ngakhale ndi mayi wa gulu la ku tchalitchi, Loweruka lina anazemba n'kukatemetsa mphini pabondopo kwa mkulu wina wa pa pulazi yoyandikana nafe. Sizinathandize. Nesi wa galimoto ya chipatala imene imabwera pakomboni kamodzi pamwezi anawalembera kalata yoti akajambulitse bondolo pa ekisileyi. Iwo anaipinda kanayi n'kuilowetsa m'Baibulo, ndipo inakhala momwemo chaka chathunthu.

Nditawafunsa tsiku lina, anandiyankha akusenda mbatata, osandiyang'ana. Anati munthu mnzako ukhoza kumuuza kuti ndadzuka bwino iye n'kuvomera, koma makina amenewo alibe ulemu. Akanena kuti watha, ndiye kuti watha, ndipo pepala lake limakafika ku ofesi.

Kumunda timagwira mugwazo. Aliyense amapatsidwa mizere yake ya tsikulo, akamaliza n'kuweruka. Kupalira ndi kuthyola fodya ndi ntchito yowerama kuyambira m'mawa, ndipo azakhali ankatsalira. Koma mizere yawo inkatha ndithu. Mayi Francisca ndi mayi Ester, anzawo a kuubwana, akamaliza yawo ankazungulira n'kuyamba ya azakhali kuchokera kumapeto, mpaka kukumana pakati. Ine nditalephera kupitiriza sukulu pambuyo pa Fomu 4, ndinalowa nawo m'munda n'kumachita chimodzimodzi. Palibe amene ankatchula zimenezi. Azakhali akakumana ndi mayi Francisca pakati pa mzere ankangoti, "Mwasochera, mzere wanu suno," mayi Francisca n'kuyankha kuti maso akalamba. Folomani wathu, a Bizwell, nthawi imeneyo ankakhala akuyang'ana mitambo.

A Bizwell ndi msuweni wawo wa azakhali, mwana wa amalume awo, choncho awiriwa sapatsana moni wabwino. Lamlungu lina masana mu February, kuthyola fodya kuli pafupi kutha, anafika pakhomo pathu chipewa chili m'manja.

"Nankhoma, mkazi wanga wokalamba, mwamuna wabwera. Tiyi ali kuti?" anatero poitana azakhali pa mfunda wawo.

"Mwamuna wake uti wopanda mano? Ruvimbo, bisa shuga, kwabwera nyerere."

Ndinawapatsa mpando ndi tiyi. Anamwa theka osalankhula, ndipo ndinadziwa kuti sanabwerere nthabwala. Anafotokoza kuti maneja watsopano, mnyamata wochokera ku koleji ya zaulimi amene amayenda m'mizere foni ili m'manja, wakhala akuona. Si munthu woipa, koma amalemba chilichonse. Anafunsa kale kawiri kuti n'chifukwa chiyani anthu atatu amamaliza mizere ya munthu mmodzi. Kumapeto kwa mwezi akulemba mayina a amene atsale chaka chino.

"Ndayang'ana mitambo zaka zitatu, Nankhoma. Khosi latopa."

A Bizwell atatchula za ekisileyi ija, azakhali anati chithunzi ndicho chiwamalize msanga. A Bizwell anaika kapu pansi.

"Popanda chithunzi akuchotsani ngati waulesi. Ndi chithunzi mwina akuchotsani ngati wodwala. Koma wodwala ndikhoza kumulankhulira. Waulesi ndinganene chiyani?"

Ine sindimalankhula akuluakulu akamakambirana. Ngakhale kusukulu aphunzitsi ankaiwala kuti ndili m'kalasi. Koma tsiku limenelo ndinalowa kuchipinda, ndinatsegula Baibulo, ndinatenga kalata ija n'kuiika patebulo pakati pawo. Azakhali anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Wakula, eti," anatero.

Tinapita Lachitatu. A Bizwell anatikweza pa ngolo ya thilakitala yopita ku Concession, kumeneko n'kukwera kombi, minibasi ya kuno, mpaka ku chipatala cha mishoni. Azakhali anavala chitenje chawo cha ku tchalitchi ndi duku loyera. Kuchokera pageti mpaka pabenchi anayenda mowongoka ngati msilikali, thukuta lili pamphuno, ngati kuti makinawo akuwaonera patali.

Wojambula anali mayi wamfupi wometa tsitsi, dzina lake lolembedwa pachifuwa linali Violet. Ankalankhula Chishona chofatsa. Anandilola kulowa kuti ndiwathandize. Atamasula mpango uja anaona zipsera za mphini, mizere itatu mbali iyi ndi itatu mbali inayo, koma anangopinda mpangowo bwinobwino n'kundipatsa. Anati bondo alijambula azakhali ataimirira, chifukwa mfundo imaonetsa zoona zake ikasenza thupi. Anawaimika kutsogolo kwa chibolodi choyera, ine ndi iye n'kupita kuseri kwa khoma lokhala ndi galasi. Makina analira pang'ono, basi. Azakhali anafunsa ngati ayamba kale.

Dokotala anali bambo wamtali wa magalasi. Anayang'ana zithunzizo pa kompyuta n'kunena kuti kwa munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi amene wagwira ntchito ya m'munda moyo wake wonse, bondoli lili bwino ndithu. Mpata wa pakati pa mafupa ulipo. Anati awapatsa mapiritsi ochepetsa ululu.

Titatuluka, azakhali anakhala pabenchi kuti avale matenesi. Nkhope yawo inali yosokonezeka. Chithunzi sichinanene kuti atha, koma tsopano chinkanena kuti akunama, ndipo a Bizwell analibe choti akalankhule ku ofesi. Anavala tenesi yakumanja mosavuta. Yakumanzere anaikoka ndi zala za kuphazi, n'kuiponda chidendene, chifukwa dzanja lawo silinkafika kuphazi limenelo. Ine ndinazolowera kuona zimenezi kunyumba moti sindinkaziwerengeranso. Koma mayi Violet anali ataima pakhomo la chipinda chawo akudikira wodwala wina, ndipo anaona.

Anabwera n'kugwada pafupi ndi azakhali. Anawafunsa motsitsa mawu kuti akamayesa kufikira phazi, pamapweteka pati. Azakhali anayang'ana uku ndi uku, kenako analoza ndi chala chimodzi m'mphechepeche, pamene ntchafu imayambira, n'kubweza dzanja msanga. Mayi Violet anafunsa ngati anamuuza nesi uja. Azakhali anati nesiyo ndi mwamuna, wamng'ono woti akhoza kukhala mwana wawo. Bondo limapweteka ndithu, ndipo bondo ndi malo otchulika. Enawo munthu sumangotchula.

Mayi Violet anakalankhula ndi dokotala, ndipo anatiitananso. Dokotala anawagoneka pabedi, anapinda mwendo wamanzere n'kuutembenuzira mkati pang'ono chabe. Azakhali sanalire, koma anagwira nsalu ya pabedi mpaka inachoka pakona. Dokotala analemba pepala lina loti ajambule chiuno.

Ulendo uno anafunika kugona chagada patebulo, atavala mkanjo wa chipatala. Mayi Violet anafunsa ngati ali ndi chilichonse m'chiuno, kaya lamba, kaya chipini, kaya kachikwama komangirira. "Hapana," anatero azakhali m'Chishona, kutanthauza kuti palibe, maso ali kudenga. Tinapitanso kuseri kwa galasi, makina n'kulira.

Chithunzi chitatuluka pa kompyuta ndinaona mafupa a chiuno ngati mbale yotambalala, ndipo pamwamba pake panadutsa timadontho toyera tambirimbiri, tondondozana m'mizere isanu. Kumanzere mizereyo inatsetsereka n'kuphimba malo enieniwo amene dokotala ankafuna kuona. Ndinaganiza kuti ndi matenda amene adya mafupa. Nditayang'ana mayi Violet ndinaona kuti atseka pakamwa ndi dzanja, maso akuseka.

Anapita patebulo paja n'kuwerama. Sanalankhule Chishona. Ananena mawu amodzi a Chichewa, mwa kalankhulidwe kawo kolemera: "Mikanda." Kenako anawonjeza kuti agogo awo akuchikazi anali olankhula Chichewa a pa pulazi ina ku Beatrice, ndipo anaikidwa m'manda ali nayo.

Azakhali anakoka duku n'kuphimba nkhope. Ndakhala nawo m'nyumba ya zipinda ziwiri zaka khumi ndi chimodzi, koma sindinkadziwa. Kwathu mikanda ya m'chiuno ndi ya mkazi ndi mwamuna wake. Mwana saiona, ndipo mkazi wamkulu savomera pamaso pa mtsikana wosakwatiwa kuti ali nayo. Mitundu yake sinditchula. Pamene ndinkapempha kuti ndilembe nkhaniyi azakhali anati lemba, ndakalamba kale, koma mitundu usatchule.

Mayi Violet anafotokoza kuti mikandayo ndi ya galasi, ndipo galasi limatchinga kuwala kwa makina, choncho iyenera kuchoka panjira. Azakhali analankhula ali m'duku momwemo. Anati ilibe pomasulira. Inamangidwa chaka chimene anakwatiwa, ndipo chingwe chomaliza anawamangira ndi a Lazalo eni ake. Ngati pafunika sizasi, ndiye awapatse chitenje chawo azipita. Anayamba kudzuka.

Ndinaganiza za nyumba yathu, za kumapeto kwa mwezi, za katundu wathu ali panja pafupi ndi mpopi. Panja panali anthu ambiri akudikira, ndipo munthu wina akanangoti chabwino, wotsatira alowe.

"Ambuya, ndani watchula sizasi?" anatero mayi Violet, kuwaitana ngati agogo awo. "Sindikufuna kuti ichoke pathupi. Ndikufuna ikwere pamwamba mphindi ziwiri zokha. Ikacheze ku nthiti, kenako ibwerere kwawo."

Azakhali anatulutsa diso limodzi m'duku.

Mayi Violet anatseka chitseko ndi kiyi. Anandiuza kuti ndibweretse mpango uja. Azakhali anakhala tsonga n'kukankhira mikandayo m'mwamba pansi pa mkanjo, ine ndinadutsitsa mpango kumbuyo kwawo, nkhope yanga itayang'ana kukhoma, n'kumanga kuti isatsike. Inali yofunda, yosalala chifukwa cha zaka. Ndikumanga mfundo anandinong'oneza kuti ndikakanena pakomboni adzandimva ngakhale ali kuseri kwa damu. Kenako mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo ndinazindikira kuti akuseka.

Chithunzi chachiwiri cha chiuno chinatuluka chooneka bwino. Dokotala anatembenuza kompyuta kuti tonse tione. Anatisonyeza pamene mutu wa fupa la ntchafu umalowa m'chiuno ngati munsi mumtondo. Kumanja, pakati pa mafupa awiriwo panali kamzere kakuda kozungulira. Anati pamenepo pali kanyama koterera kamene makina sakaona, kamene kamachititsa kuti mafupa asakhudzane. Kumanzere kamzereko kanali katatsala pang'ono kutheratu, fupa litatsamira fupa linzake, ndipo m'mphepete munamera timinga ta fupa. Anati imeneyi ndi nyamakazi yobwera chifukwa cha kuperepeseka kwa mfundo, ndipo kawirikawiri ululu wake umatsika ndi ntchafu n'kukamveka pabondo.

Azakhali anayang'ana bondo lawo ndi zipsera zake zisanu ndi chimodzi. "Ndiye uyu ndamutema wopanda mlandu," anatero. Dokotala atamasuliridwa anaseka mpaka anavula magalasi.

Sanatinamize. Anati chimene chaperepeseka sichimeranso. Opaleshoni yoika mfundo ina ilipo ku Harare, koma si nkhani ya chaka chino. Anati asiye ntchito yowerama ndi yosenza, asiye kukhala pa zinthu zazifupi ngati chidebe, azigwira ndodo kudzanja lamanja osati lamanzere, ndipo asasiye kuyenda. Anatitumiza kwa mayi wina amene anawaphunzitsa mmene angamawongolere mwendo ali chigonere. Pamene dokotala ankalemba kalata ya ku ntchito, azakhali anagwira m'mphepete mwa tebulo lake. Anamupempha kuti alembenso kuti manja ndi maso zilibe vuto. Anawayang'ana, n'kuwonjeza mzere umodzi pansi.

Tikutuluka tinadutsa pachipinda chojambulira kuti tithokoze, koma chitseko chinali chotseka, nyali yofiira ikuyaka pamwamba pake. Tinadikira pang'ono. Kombi yomaliza inali pafupi kunyamuka. Sitinawaonenso mayi Violet mpaka lero, ndipo dzina la bambo awo sindilidziwa.

Envelopu yaikulu ya chithunzi inagona pansi pa matiresi masiku awiri. Azakhali anapita kumunda Lachinayi ndi Lachisanu ngati palibe chimene chachitika. Loweruka poweruka anasamba, anavala duku loyera lija n'kundiuza kuti ndinyamule envelopu. Ndodo anakana, anati ku ofesi salowa ndi miyendo itatu.

A Bizwell anali atafika kale. Maneja anawerenga kalata kawiri. Kenako anatulutsa chithunzi n'kuchikweza pawindo, koma anachigwira chozondoka. Palibe amene ananena. Ine ndinayandikira n'kuchitembenuza m'manja mwake, ndipo popeza ndinali nditafika kale pamenepo, ndinamusonyeza kamzere kakuda ka kumanja ndi pamene kanatha kumanzere. Ndinalankhula Chingerezi cha kusukulu, mawu akutuluka aang'ono. Anafunsa kuti akhala akuwerama ndi chimenechi kwa nthawi yaitali bwanji. Ndinati zaka zinayi. Anaika chithunzi pansi.

Kenako ananena chimene tinkaopa, kuti kumunda sangabwererenso. Azakhali anagwira chitenje chawo pamaondo.

A Bizwell anatsokomola. Anati shedi yosankhira fodya itsegulidwa sabata yamawa, ndipo chaka chatha mabelo awiri anabwezedwa ku msika chifukwa osankha anasakaniza masamba. Anati mayi uyu ndi wamwano, tiyi wake ndi wopanda shuga, koma anayamba kusankha fodya maneja asanabadwe. Maneja anatuma mlonda kukatenga mtolo wa fodya wouma ku balani. Anaumwaza patebulo lake, pamwamba pa mapepala.

Azakhali anapukuta manja. Sanafulumire. Ankatenga tsamba, kulitambasula pakati pa zala, kuliyang'ana cha kuwindo, nthawi zina kulinunkhiza, n'kuliika pa mulu wake. Lachikasu chowala apa, lofiirira apo, lamawanga padera, lobiriwira m'mitsempha padera. Inatuluka milu isanu ndi iwiri. Tsamba limodzi analiika lokha pakona n'kunena kuti limeneli linapsa chifukwa wosonkha moto anagona. Maneja anatenga masamba awiri a milu yoyandikana n'kuwayerekeza nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti sanaone kusiyana kwake, koma anakhulupirira kuti kulipo.

Anati akhale ku shedi mpaka fodya atatha, pambuyo pake akasankhe mbatata ya kachewere ndi kusoka matumba. Dzina likhala pa mndandanda chaka chino. Za chaka chamawa sanalonjeze, anati tidzaona mmene mwendo udzakhalire. Anauza a Bizwell kuti akalipentala akhome mpando wautali wofika patebulo la ku shedi.

Panja azakhali anaima atagwira chipilala cha khonde. A Bizwell anavala chipewa chawo n'kufunsa ngati tsopano shuga atuluke. Azakhali anati supuni imodzi, ndipo abwere ndi kapu yawo. Kenako anawagwira dzanja ndi manja awiri, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita kwa msuweni wawoyo, ndipo a Bizwell anayang'ana kumbali.

Madzulo mayi Francisca ndi mayi Ester anabwera kudzaona chithunzi. Anachikweza kudzuwa lolowa, mmodzi atagwira mbali iyi wina mbali iyo, n'kumatsutsana kuti mwendo wamanzere ndi uti. Mayi Ester anadandaula kuti tsopano akaweruka msanga azikatani kunyumba, amuna awo adzayamba kuwatuma. Azakhali anawathokoza mwa njira yawo. Anati ku shedi adzakhala akuona fodya yense amene awiriwo anathyola, ndipo tsamba lililonse lothyoka adzadziwa mwini wake.

M'mawa mwake linali Lamlungu. Ndinadzuka n'kupeza bedi lawo lili lopanda munthu. Nditatuluka ndinawaona akuchokera kwa mayi Francisca, ndodo ya bulugamu ili kudzanja lamanja, kudzanja lamanzere atanyamula chitini cha penti mmene munali kamtengo ka mapeyala kofika m'bondo. Anayenda mozungulira nyumba mpaka kuseri, kumene kumafika madzi otsukira mbale, n'kuloza pansi ndi ndodo. Anati nditenge khasu chifukwa iwo analetsedwa kuwerama.

Ndinawakumbutsa kuti mtengo wa mapeyala umatenga zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri usanabereke.

"Ndakufunsa?" anatero. "Kumba. Utalikitse ndi khoma, mizu yake imang'amba nyumba."

Ndinakumba, iwo ataima pambali akundiuza kuti dzenje lachepa. Titakwirira anathira madzi okha ndi kapu, katatu, kenako anati tifulumire, Misa iyamba tisanafike.